Njoka Imene Dewald Anasiya

Tannie Ralie Swanepoel sankakonda njoka, ndipo sankaona chifukwa chobisira. Ankanena zimenezi kutchalitchi, ankanena kogula nyama, ankanenanso pamaso pa njoka yeniyeniyo, imene inkakhala m'bokosi lamatabwa la zitseko zagalasi m'chipinda chawo chochezera, pakati pa wailesi yakanema ndi kabati ya mbale zimene palibe ankadyera.

"Usandiyang'ane choncho," ankaiuza Lachisanu lililonse, atapana mbewa yakufa ndi chopanira nyama cha malemu amuna awo, mkono atautambasula mpaka polekeza. "Ine si mnzako. Ndikungosungira mwini wako basi."

Mwini wakeyo anali Dewald, mwana wawo mmodzi yekhayo. Njokayo anaigula ali kusekondale, ili ngati chingwe cha nsapato, ndipo anaitcha Worsie, kutanthauza kasoseji, chifukwa ikadzipinda inkafanana ndi soseji yozungulira imene bambo ake, Oom Stoffel, ankawotcha Loweruka lililonse kuseri kwa nyumba. Inalibe ululu. Inali yofiirira ngati njerwa, ya mawanga, yofatsa kuposa anthu ambiri a mumsewu umenewo. Koma kwa Tannie Ralie njoka inali njoka, kaya ifatse chotani.

Oom Stoffel atamwalira, Dewald anakwatira Anél, napeza ntchito yokonza malole ku New Zealand. Anagulitsa galimoto, njinga yamoto, ngakhale mbedza zake zophera nsomba. Njoka yokha ndiyo sanagulitse. Pabwalo la ndege, atawakumbatira mayi ake, anawanong'oneza kuti, "Mungondisungira, Ma. Ndikangokhazikika ndidzabwera kudzamutenga."

Mawu amenewo Tannie Ralie anawasunga kuposa mmene ankasungira njokayo. Sanali munthu wopusa. Ankadziwa bwino za ana a anzawo amene anapita kunja nkumangotumiza zithunzi, chaka ndi chaka, mpaka tsiku lobwera kudzaika maliro. Koma mumtima ankati: mwamuna akhoza kuzengereza kudzaona mayi ake, zimenezo zimachitika, koma wanga uyu wasiya chikole. Njoka imene waisamala kuyambira ali mnyamata sangaitaye. Tsono chinthu chimene ankadana nachocho ankachisinthira madzi, kuchipukutira magalasi, ndi kuchisungira mbewa m'firiji pambali pa nyama yogaya.

Lamulungu lililonse m'mawa, asanavale zakutchalitchi, foni inkalira. Kwa Dewald kunkakhala kuli madzulo. Nkhope yake inkaoneka pa kagalasi ka foniyo, yonenepa kuposa kale, ndevu zosameta, kumbuyo kukumveka mapoto ndi kulira kwa Mieke, mdzukulu amene Tannie Ralie anali asanamunyamulepo.

"Muli bwanji, Ma?"

"Ndili bwino."

"Bondo lija?"

"Lilipo."

Zikafika apo nkhani inkauma. Mayi ndi mwana ankangoyang'anana, aliyense akudikira mnzake, mpaka Dewald ankati, "Nanga mkulu uja? Tandionetsani." Apo mpamene Tannie Ralie ankamasuka pakamwa. Ankanyamula foni kupita pabokosi nkuyamba kuineneza njokayo: yatayanso madzi, yakhala sabata yonse m'chipika chake ngati munthu wonyanyala, imawayang'ana akamadya. Dewald ankaseka mpaka kutsokomola. Pomaliza kucheza khofi ankakhala atazizira, ndipo kutchalitchi ankafika nyimbo yoyamba itayamba kale, koma mtima uli m'malo.

Vuto linayamba mu Juni, chisanu cha m'tauni yawo ya Springs chitafika poumitsa udzu ndi kuyeretsa magalasi a galimoto. Tsiku lina posintha madzi, Tannie Ralie anaona kuti kasefa kawaya kotseka bowo lolowera mpweya, kukhoma lakumbuyo la bokosilo, kayamba kusomphoka pangodya imodzi. Kasefako kanali kokhomera kunja. Kuti munthu akakhomenso ankayenera kusuntha bokosi lonse kulichotsa kukhoma. Anayesa kukankha ndi manja, anayesa ndi chiuno, bokosi osasuntha. Linalowa m'nyumbamo litanyamulidwa ndi amuna awiri, ndipo mmodzi anali kumanda, wina kutsidya la nyanja.

Ndiye anapita kugalaja. Oom Stoffel anali munthu wokhulupirira tepi, ija yotuwa, yokhuthala, yomata zolimba. Ankamata nayo paipi yothirira maluwa, kalilole wa galimoto, chikuto cha Baibulo, ngakhale chidendene cha patapata. M'nyumba imeneyo chinthu sichinkatayidwa chisanamatidwe kawiri. Mipukutu yake inali idakali pashelefu pamene anaisiya. Tannie Ralie anatenga umodzi, anadikira kuti njoka ilowe m'chipika chake, kenako analowetsa mutu ndi mapewa m'bokosimo nkumata bowolo kuchokera mkati, tepi yaitali, yopingasa kawiri. Atamaliza anayang'ana ntchito yawo nanyadira. Stoffel akanavomereza.

M'bokosimo munali kamphasa kamagetsi kofunditsa njoka, ndipo kutentha kwake kunafewetsa ulimbo wa tepiyo pang'onopang'ono. Zimenezo iwo sanazidziwe. Chimene anaona ndi cha Lachisanu m'mawa, atabwera ndi mbewa yofunditsidwa m'madzi otentha: chipika chinali chopanda kanthu, bowo linali pululu, kasefa katagwera kuseri. Tepi nayonso panalibe.

Anakhala pansi pomwepo, chopanira chili m'manja. Sanaope kuti njoka ili penapake m'nyumba mwawo, ngakhale kuti zaka zonsezi ankaganiza kuti chimenecho ndicho chidzawapha ndi mantha. Chimene chinawabaya chinali Lamulungu. Adzamuonetsa chiyani mwana uja? Nanga akamva kuti njoka kulibe, adzabwereranji?

Anafufuza tsiku lonse. Anagwada ndi bondo lawo lovutalo nkusuzumira pansi pa mipando, kuseri kwa makatani, m'madengu a zochapa. Anatsegula zitseko zimene zinakhala zotseka kuyambira pa maliro. M'kabati ya Oom Stoffel anagwedeza nsapato zakumgodi imodziimodzi, ndipo munangotuluka fumbi ndi fungo la mwini wake. M'chipinda cha Dewald anayalula bedi limene ankayala mwezi ndi mwezi popanda wogonapo. Nyumbayo anaiona kukula kwake tsiku limenelo. Munthu mmodzi ankangogwiritsa ntchito bedi limodzi, mpando umodzi ndi kapu imodzi, ndipo kwina konseko njoka ikanatha kukhala chaka popanda woisokoneza.

Breggie, mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, anawapeza akukwawa m'khitchini. Anali mayi wa msinkhu wawo, woika amuna awiri m'manda, wosuta fodya ngati sitima yamalasha, ndipo sankayenda popanda kagalu kake koyera.

"Ralie, ukukwawiranji? Wagwetsa mano?"

"Worsie watuluka."

Breggie ananyamula kagalu kake msangamsanga. "Watuluka kupita kuti?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndili chogwada pano?"

"Ndikuuziretu, ikadumpha mpanda uwu ine ndili ndi fosholo."

"Kagalu kakoko sangakadye. Akhoza kutsamwa ndi ubweya."

Breggie anaima pakhomo, phazi limodzi lili panja. "Koma iwe ndiye sindikukumvetsa. Zaka zonsezi ukutitopetsa ndi madandaulo a chinthu chimenechi. Lero Mulungu wakumva, ukulira. Muuze mwanayo kuti yathawa, ugule mbalame yoimba ngati anthu ena onse."

Tannie Ralie anapitiriza kuunika ndi tochi kunsi kwa chitofu mpaka Breggie anatopa nkumapita.

Madzulo anakumbukira kuti njokayo inathawaponso kale, Dewald ali pasukulu. Nthawi imeneyo bambo ndi mwana anawaza ufa watirigu pakhomo la chipinda chilichonse kuti aone pamene yadutsa, ndipo iwo anawakalipira onse awiri chifukwa chowononga ufa wophikira makeke. Tsono anatenga paketi nkuwaza m'makomo monse ndi m'kanjira kopita kuzipinda. Kutacha anadzuka nkuyamba kuyang'ana pansi. Pa ufawo panali mapazi a munthu mmodzi, a patapata, ochoka kuchipinda kupita kukhitchini ndi ochoka kukhitchini kubwerera kuchipinda. Mkukuluzi wa njoka panalibe.

Lamulungu foni inalira monga mwa masiku onse.

"Nanga mkulu uja?"

"Akufuna kufundula," anatero Tannie Ralie, maso ali pakhoma. "Wabisala. Unkati pa nthawi imeneyi tisamamusokoneze."

"Eya, musiyeni. Maso achita mbuu?"

"Achita mbuu."

 Anél anadutsa kumbuyo nkuwabayibitsa, Mieke analira, Dewald anati akasambitse mwana. Atatseka foni khofi anali adakali wotentha. Tsiku limenelo anafika kutchalitchi molawirira kwambiri, nakhala okha pabenchi kudikira kuti anthu abwere, ndipo anamva manyazi kuti ayamba tsiku la Ambuye ndi bodza.

Njokayo inapezeka Lachiwiri masana, ndipo amene anathandiza ndi magetsi, pothima. Firiji inasiya kung'ung'udza, wailesi inakhala chete, nyumba yonse inangoti zii. Tannie Ralie anali patebulo la kukhitchini, manja atakumbatira kapu, pamene anamva kaphokoso kakang'ono ngati munthu akufinya pepala la switi. Kanasiya, kenako kanamvekanso. Kankachokera kuseri kwa firiji, kumene injini yake imafunda.

Mphamvu zimene zinasowa pa bokosi lija anazipeza pa firiji. Anaikoka mpaka mabotolo mkati anagundana. Worsie anali pamenepo, pafumbi, atapindika moipa. Tepi inamuzinga kuyambira pakhosi mpaka pakati pa thupi, itamata mbali ina ya thupi ku inzake, itatolanso tsitsi, nyenyeswa za buledi ndi chitsekerero cha botolo. Anali wozizira, wofooka, lilime lokha likutuluka pang'onopang'ono.

Tannie Ralie sanakumbukire chopanira. Anamunyamula ndi manja, koyamba chibadwire kugwira njoka, nkumuika pa thaulo patebulo. Kenako anachita chimene mayi aliyense amachita ndi pulasitala pa bondo la mwana. Anali atachita zimenezo pa Dewald kosawerengeka: ukamachotsa pang'onopang'ono mwana amalira nthawi yaitali, ukangotsomphola kamodzi zatha. Anagwira nsonga ya tepi nati, "Pirira," nkukoka mwamphamvu.

Tepi inachoka ndi khungu. Mamba ofiirira aja anatsalira pa ulimbo, mzere wautali ngati chala, ndipo pa njokayo panaoneka mnofu wotuwa umene unayamba kuchita timadontho tamagazi. Njoka silira. Inangophiriphitha kamodzi, nkutsegula kukamwa popanda mawu, osawaluma nkomwe. Akanakonda ikanawaluma.

Breggie ndi amene anawaperekeza kwa dokotala wa ziweto pa galimoto yake. Njira yonse ankalankhula za fosholo, koma ankayendetsa mosamala pa mabampu, ndipo anayatsa chotenthetsa m'galimoto popanda kuuzidwa. Tannie Ralie anafungatira njoka ili m'chikwama cha pilo pamiyendo pawo.

Dokotalayo anali mtsikana, Dokotala Moodley, wa manja ang'onoang'ono osanjenjemera. Sanawakalipire. Anatenga botolo la mafuta wamba ophikira, nkumadontheza pa tepi yotsalayo, nkumaisisita ndi kathonje mpaka inayamba kuchoka yokha, osatenga mamba ngakhale amodzi.

"Mafuta ophikira," anatero Tannie Ralie ndi mawu otsika. "Ndinali nawo patebulo pomwepo."

"Ambiri amakoka, Tannie. Si inu oyamba. Koma tepi isadzalowenso m'bokosi, ngakhale kachidutswa." Anatsuka balalo, nasoka pamene khungu linali lendelende, nabaya jakisoni. "Muchotse utuchi wonse, muyale mapepala oyera. Muzimutsuka tsiku lililonse ndi mankhwala awa, osungunula m'madzi mpaka aoneke ngati tiyi wosapsa. Asazizidwe. Akafundula kangapo bala lidzatseka, koma chipsera chidzatsala. Mwina akana kudya kwa kanthawi."

"Chipseracho chidzaoneka kwambiri? Si wanga, ndi wa mwana wanga. Ndikungomusungira mpaka adzabwere kudzamutenga."

"Ali kuti mwana wanuyo?"

"Ku New Zealand."

Dokotala anasiya kupukuta manja. Anawayang'ana, nayang'ana Breggie, kenako anati mofatsa, "Adzamutenga akadzabwerera kuno kudzakhala, kapena?"

"Ayi, kupita naye konko. Akungodikira kukhazikika."

"Tannie, kudziko limenelo salola njoka. Ngakhale imodzi, ngakhale kumalo osungira nyama zakutchire. Aliyense woweta njoka amadziwa zimenezo." Atangonena anaoneka kuti wazindikira kuti mawu omalizawo akanawameza. "Mwina pali zina zimene anakonza, ine sindikudziwa."

"Mwina," anatero Tannie Ralie, nayamba kumanga pakamwa pa chikwama cha pilo.

Pobwerera Breggie anayatsa ndudu nkuizimitsanso poganizira wodwala. Atafika pa maloboti a pafupi ndi kwawo anati, "Ana amangolankhula, Ralie. Pabwalo la ndege aliyense amangolankhula."

"Yang'ana kutsogolo, wofiira uyo."

Mawu a dokotala aja sanawachoke. Aliyense woweta njoka amadziwa. Dewald anali ndi mabuku a njoka odzaza shelefu, ndipo mapepala a ulendo wake anawawerenga mpaka kuwaloweza. Ankadziwa. Tannie Ralie anakwiya, ndipo mkwiyowo unalibe pofikira, chifukwa woukwiyira anali kutali ndipo amene anali pafupi anali atamusenda kale khungu. Anaganizapo zoti amuuze Breggie afunse kumene angakapereke chinthucho. Koma bala linkafuna kutsukidwa m'mawa uliwonse, ndipo munthu supereka kwa ena chinthu chimene wavulaza wekha chisanapole.

Tsono ankasungunula mankhwala m'mbale yagalasi yophikira pudingi, nkumuika Worsie pa thaulo, nkumadontheza ndi kathonje. Masiku oyamba ankagwira ndi nsonga za zala, nkhope atayang'ana kumbali. Kenako anazolowera. Anadabwa kuti njoka si yonyowa kapena yoterera monga ankaganizira. Inali youma, yosalala, yolemera pang'ono, ndipo ikamayenda padzanja munthu ankamva nyama iliyonse ya m'thupi mwake ikugwira nkusiya. Magetsi akathima masana ndipo kamphasa kaja kakazizira, ankamuika m'chikwama cha pilo nkumulowetsa mkati mwa juzi yawo, nkukhala pampando wa pawindo mpaka magetsi ayake. Panali patapita nthawi yaitali chamoyo chilichonse chisanatsamire pachifuwa pawo.

Kudya ndiye ankakana. Lachisanu lililonse ankafunditsa mbewa, kuigwedeza pamphuno pake, iye nkutembenuza mutu. Mbewa inkathera kubini. Msana wake unayamba kuoneka ngati mpeni.

Bokosi analikonza ndi Breggie. Amayi awiri okalamba, wina bondo, wina chifuwa, analikankha akutukwanizana mpaka linachoka kukhoma. Breggie anagwira kasefa katsopano kachitsulo, Tannie Ralie nkukhoma ndi masikuluwu pogwiritsa ntchito chobowolera cha Oom Stoffel, kuchokera kunja. Bowo lodutsa waya wamagetsi analitseka ndi kathabwa. Pa zitseko zagalasi anaikapo loko.

"Ndende yeniyeni," anatero Breggie akupuma mwawefuwefu. "Amuna anga achiwiri ndikanawasunga chonchi bwenzi ndisanavutike."

Ma Lamulungu ankabwera, ndipo bodza linkatalika. Akufundulabe. Wagona. Galasi lachita nthunzi. Dewald ankangoti, "Chabwino, Ma," ndipo chimenechonso chinkawapweteka, kuti sakulimbikira. Kucheza kunkatha msanga sabata iliyonse.

Chisanu chitayamba kutha, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa fumbi la m'milu ya kumigodi, maso a Worsie anachitadi mbuu. Patapita masiku Tannie Ralie anapeza khungu lakale litakoledwa pa chipika, long'ambika pamalo a bala. Njokayo inali itawala ngati yopakidwa polishi. Bala linali litatseka, ndipo pamalo pake panali mzere wotuwa, wokwinyika, wopanda mamba. Sunali woti nkubisa.

Lamulungu lotsatira foni italira, anaiyimika pa botolo la shuga nkukhala patsogolo pake, njoka itazinga mkono wawo kuyambira padzanja mpaka pachigongono.

Dewald anayandikitsa nkhope. "Ma? Mwamugwira? Anél, tabwera udzaone, Ma anyamula Worsie." Anaseka monga ankasekera kale. "Zachitika bwanji zimenezi?"

Tannie Ralie anatembenuza mkono kuti chipsera chioneke, namuuza zonse: kasefa, tepi ya bambo ake, ufa, firiji, mmene anakokera. Sanadzichepetsere mlandu. Anali atakonzeka kuti Dewald akwiye, ndipo pansi pa mtima ankafuna kuti akwiye.

"Pepani, Ma," anatero Dewald. "Zimachitika. Akuoneka bwino ndithu. Musadandaule nazo."

Zinangothera pomwepo. Masabata onse aja osagona bwino, iye anawamaliza ndi mawu ochepa chabe.

"Dokotala akuti kwanuko salola njoka."

 Anél, amene anali ataima kumbuyo kwa Dewald ndi mwana, anachoka pang'onopang'ono.

"Nzoona, Ma."

"Unkadziwa tsiku lija pabwalo la ndege?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga unandinamiziranji?"

Dewald anadzikanda ndevu, ngati bambo ake akagwidwa. "Ndikanati ndamusiya basi, mukanavomera? Bwenzi mutamupereka sabata yomweyo. Ndinkangofuna kuti m'nyumbamo mutsale china chopuma, chofuna kuti mudzuke m'mawa. Komanso munkalira, Ma. Sindinadziwe chonena."

"Sindinkalira."

"Munkalira."

Worsie anasuntha mutu nkuulowetsa m'mkono wa juzi, kufuna pofunda.

"Ngati akukuvutani," Dewald anapitiriza, "pali mnzanga wina ku Benoni amene amaweta zambiri. Ndikhoza kumuuza abwere adzamutenge."

"Ndani wati akundivuta?"

"Zaka zonsezi mwakhala mukunena choncho."

"Zimenezo nzanga ndi iye." Anapuma, kenako anafunsa funso limene chichokereni mwanayo anali asanafunsepo, chifukwa ankaganiza kuti yankho lake lili m'bokosi. "Nanga iwe ubwera liti?"

Dewald anayang'ana pansi. "Sindikudziwa, Ma. Ntchito, mwana, ulendo wake ndi wautali. Mwina chaka chamawa, mwina ayi. Sindikufuna kukunamizaninso."

"Wachita bwino."

"Mwakwiya?"

"Ndinakwiya kale, ndinamaliza. Kasambitse mwana."

"Ndiimba Lamulungu."

"Uimbe."

Kagalasi kanada, ndipo anadziona okha mmenemo, mayi wa imvi atanyamula njoka. Belu la kutchalitchi linali litayamba kulira, koma sananyamuke. Chisoni chinawagwira, chachikulu, chopanda phokoso, ngati cha tsiku lotsatira maliro anthu onse atabwerera kwawo. Anakhala nacho mpaka belu linasiya.

Kenako anamubwezera Worsie m'bokosi, pa mapepala oyera. Silinali Lachisanu, koma anapita kufiriji, natenga mbewa imodzi, naiviika m'kapu ya madzi otentha, nkuima pawindo kudikira kuti ifunde. Kuseri kwa mpanda Breggie ankayanika zovala, akukangana ndi kagalu kake. Mbewa itafewa anaipukuta, naipana, nkugwada pang'onopang'ono patsogolo pa galasi.

Worsie anatulutsa mutu m'chipika. Lilime linatuluka, nkubwerera, nkutulukanso.

"Idya," anatero Tannie Ralie. "Palibe amene akubwera kudzakutenga."

Njokayo inayandikira, inaima kanthawi, kenako inagwira mbewayo pamutu nkuizinga. Tannie Ralie anakhalabe chogwada, bondo likuwawa, kuonerera chakudya chikutsika pang'onopang'ono mpaka chinadutsa pa chipsera, khungu latsopano likutamuka koma osang'ambika. Atatsimikiza kuti chadutsa, anatseka galasi, anakhoma loko, ndipo kiyi wake anamumanga pa chingwe chimodzi ndi kiyi wa nyumba.